Mfuti kwa Ciriaco, Kabokosi kwa Mlamu Wake

Ku Eibar kuno nkhalamba iliyonse agogo ake anali mmisiri wa mfuti. Funsani aliyense wa aja amakhala pabenchi kudikira kuti mvula ikate, akuuzani kuti agogo ake ndiwo ankadziwa chitsulo, ena onsewo ankangosesa pansi. Osesawo zikuoneka kuti anafa osabereka, chifukwa mdzukulu wawo sanapezekebe mpaka lero.

Ciriaco Ansola ndiye anali ndi umboni wogwirika. Agogo ake anali ndi kafakitale kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa mtsinje, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, pamene Afalansa ankagula mfuti za m'manja kwa aliyense wodziwa kugwira tupa. Tawuni yonse inkapanga mtundu umodzi, timfuti tonenepa, tolemera ngati njerwa, timene osonkhanitsa mfuti amatitcha Ruby. Pongoyang'ana mukanati n'tofanana. Koma banja lililonse linkapala zitsulo zake pamanja, mwa nzeru zake, ndiye kabokosi ka zipolopolo, kaja kamalowa m'chigwiriro, ka nyumba ino sikankalowa m'mfuti ya nyumba inayo. Asilikali ena anazindikira zimenezi ali m'dzenje, adani akubwera. Atadandaula, anthu athu sanagwirizane muyezo umodzi ayi, kugwirizana si ntchito yathu. Anangoyamba kudinda zilembo ziwiri pamfuti ndi pansi pa kabokosi, kuti aliyense azidziwa kake.

Mfuti yomaliza ya kafakitale ka Ansola sinapite kunkhondo. Nkhalambayo inaisunga, yosaombapo chipolopolo ngakhale chimodzi, yakuda bii ngati tsiku limene inatuluka m'mankhwala, zilembo AN ndi nambala yake zikuoneka bwinobwino. Mfutiyo inali kwa Ciriaco. Kabokosi kake, ka zilembo zomwezo ndi nambala yomweyo, kanali kwa Venancio Osoro, mlamu wake.

Zinalekana pa nkhondo yapachiweniweni. Asilikali atalowa m'tawuni n'kuyamba kusecha nyumba ndi nyumba, amayi ake a Ciriaco anabisa mfuti m'chumuni, kabokosi n'kupatsa mnzawo woyandikana naye, amayi ake a Venancio, amene anakamiza mumtsuko wa mafuta a nkhumba. Mantha anakhalitsa kuposa nkhondoyo. Pamene anthu ankayambanso kulankhula momasuka, kabokosi kaja kanali katapukutidwa kale, kali m'kabati yagalasi kwa Venancio, amene nayenso anali atadwala nthenda yosonkhanitsa mfuti.

"Amayi anga akanaphedwa chifukwa cha kameneka," ankatero Venancio. "Bweretsani mfutiyo kuno, alamu. Mfuti yopanda kabokosi ndi chopsinjira mapepala."

"Kabokosi kopanda mfuti ndi chitini cha nsomba," ankayankha Ciriaco.

Venancio anakwatira Felisa, mlongo wake wamng'ono wa Ciriaco, ndipo Ciriaco sanakayikepo kuti ukwatiwo unali njira yolowera m'nyumba mmene munali mfuti. Felisa anali wooneka bwino ndithu pa utsikana wake, koma osati mpaka munthu n'kumukwatira popanda chifukwa.

Chimene Ciriaco ankafuna sichinali chachikulu. Amayi ake ankanena kuti agogo aja sankayesa ntchito ndi maso, ankayesa ndi khutu. Ankalowetsa kabokosi m'mfuti n'kumvetsera. Ikalira bwino, ankaiika m'bokosi lopita kunkhondo. Ikalira mosokosera, inkabwerera patupa, ndipo wina ankalandira khofi patsaya. Ciriaco anakula, kugwira ntchito m'fakitale ya njinga, kukwatira, kuika mkazi wake m'manda, kulira kwa mfuti ya agogo ake asanakumvepo.

Choncho aliyense mwa awiriwo ankadikira kuti mnzake afe. Lachinayi lililonse ankakumana ku txoko, chipinda chija chapansi kumene amuna amaphika okha n'kumayamikirana ngati ndiwo atulukira moto.

"Alamu, chifuwa chija chikuti bwanji?" ankafunsa Ciriaco, akumupakulira mlamu wakeyo nyama ya nkhumba, kusankha yamafuta yokhayokha.

"Chinatha, alamu. Adokotala akuti mapapo anga ndi a mnyamata. Nanga bondo lanu lija?"

"Dzulo ndakwera nalo phiri."

"Mwachita bwino. Kumtundako kumaterera nthawi ino, muzipitako pafupipafupi." Akatero Venancio ankasolola ndudu yaikulu m'thumba la jekete. "Tengani, ndinakusungirani."

Fodya Ciriaco anasiya kalekale, osati chifukwa cha madokotala, amene sankawakhulupirira ngakhale akamuuza nthawi, koma chifukwa wotsala ndiye adzatenge zonse ziwiri. Mchere anasiya. Vinyo ankamwa wongonyowetsa lilime. Mkazi wake atamwalira anthu ankamuyamikira kuti ndi wolimba mtima, sakudzitayirira ngati anamfedwa ena. Iye ankadziwa chimene chinkamudzutsa m'mawa uliwonse.

Mtima anausamala, mapapo anawasamala, koma manja sanawaganizire. Zinayamba ndi supuni, kumagogoda m'mbale ngati akuitana wantchito. Kenako kapu ya khofi. Ku txoko anayamba kudya ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba, n'kumasinthanitsa likatopa kubisala. Ndiye lamulo lathu limati munthu akakalamba azipita chaka ndi chaka kukaonetsa maso, makutu ndi manja, apo ayi chiphaso chosungira mfuti chimatha.

Dokotala wa chaka chimenecho anali mtsikana, wa zaka zochepa kuposa nsapato zimene Ciriaco anavala. Maso anapambana, chifukwa zilembo za pakhomalo anaziloweza pamtima zaka zapitazo. Makutu anapambana. Kenako anamukhazika pamakina aja okhala ndi zogwirira ziwiri. Pagalasi pamayenda timipira tiwiri, kalikonse m'kamsewu kake kokhotakhota, ndipo ntchito ya munthu ndi kutiwongolera kuti tisatuluke. Kamodzi kakatuluka, makina amalira.

Analira ngati mwana wotayika pamsika.

"Makina anuwa ndi owonongeka," anatero Ciriaco.

"Awayesa m'mawa womwe uno, bambo."

"Wawayesa ndani? Osoro?"

"A Osoro sindikuwadziwa."

"Onse amatero."

"Tatambasulani manja, bambo. Zala zitalikirane."

Anatambasula. Zala zinayamba kuvina, chilichonse nyimbo yakeyake. Mtsikanayo anaziyang'ana ndi nkhope yachifundo ija amaiphunzira kusukulu pamodzi ndi kubaya jakisoni.

"Mfuti imeneyi mumaombera kangati pachaka?"

"Kuombera? Sinaombepo chiyambire. Mukundiona ngati wamisala?"

"Ndiye chiphaso mukuchifuniranji?"

"Kuti ndikhale ndi mfuti."

"Yosaomba."

"Yoti ikhoza kuomba. Inu kusukuluko anakuphunzitsani chiyani, mwana wanga?"

Zimene anamuphunzitsa zinali zokwanira kukana kusayina.

Ku ofesi ya zida wapolisi wina waulemu, ulemu uja umakwiyitsa kuposa mwano, anamufotokozera njira zake. Mwezi ukamatha mfuti ikhale itachoka m'manja mwake. Akhoza kuipereka kwa munthu wina wachiphaso. Akhoza kuisiya konko kuti idzaphwanyidwe pamodzi ndi zinzake. Kapena akhoza kuipititsa akaiboole mpope ndi kuiwotcherera mkati kuti isadzaombenso, ikatero n'kubwerera nayo kunyumba, chifukwa boma silichita mantha ndi zokongoletsera.

"Njira yomalizayo ndi yabwino, bambo," anatero Itziar, mwana wake wamkazi, akuyendetsa galimoto pobwerera. "Muzikhala nayobe. Muipachike pakhoma, pafupi ndi chithunzi cha amayi."

"Ukuti ndiwafule agogo anga n'kuwapachika pakhoma."

"Ndi chitsulo, bambo."

"Nawenso mphete ya ukwati wako ndi chitsulo. Bweretsa ndikaiboole."

"Ndi yoboola kale."

Ciriaco anayang'ana panja. Ana amasiku ano amayankha msanga chifukwa mitu yawo ilibe katundu.

"Nanga ku nyumba yosungiramo zakale?" anatero Itziar. "Angailandire."

"Ali nazo zodzaza makabati. Akaiika pakati pa mfuti za osesa aja, ana asukulu azidutsa akutafuna chingamu. Iwe bwanji osatenga chiphaso?"

"Ine m'nyumba mwanga muli ana. Simulowa mfuti."

"Sikuomba."

"Mwangomuuza dokotala uja kuti ikhoza kuomba."

Kunyumba anatsegula kabati yachitsulo yokhoma, n'kuvala magolovesi oyera movutikira, n'kuitulutsa m'nsalu yake yamafuta. Anakhala nayo patebulo akuwerenga m'mutu anthu achiphaso amene ankawadziwa. Sabino akanailandira ndi manja awiri, akulumbira pa manda a amayi ake kuti sadzaigulitsa, ndipo sabata isanathe ikanakhala ili m'ndege kupita kwa Mjeremani wina wa pa kompyuta. Mwana wa malemu Juaristi anali mnyamata wabwino, ndipo ubwino wakewo ndiwo unali vuto: ankakhulupirira kuti mfuti inapangidwira kuomba, ndipo akanapita nayo kubwalo loombera Loweruka lomwelo. Ena otsalawo anali akufa kapena onjenjemera kuposa iye.

Panatsala munthu mmodzi yekha m'chigwa chonse amene sakanaigulitsa ngakhale nyumba itapsa, sakanaiombera ngakhale mbala zitalowa, amene akanaipukuta ndi nsalu yoyenera ndi mafuta oyenera mpaka tsiku la imfa yake. Ciriaco anayesa kuwerenga kuyambira kumapeto kuti mwina patuluka dzina lina. Linatuluka lomwelo.

Pasanapite masiku Felisa anabwera atanyamula mphika wa nyemba. Kwathu kuno nkhani imathamanga kuposa mtsinje, chifukwa chigwa n'chopapatiza, ilibe kolowera kwina.

"Ndamva kuti mwalephera mayeso, achimwene."

"Wakuuza ndani? Mwamuna wako?"

"Wandiuza wogulitsa nsomba. Mwamuna wanga wamva kwa ine, ndipo chimvereni akungoimba nyimbo m'bafa."

"Ndinadziwa."

"Idyani nyemba zisanazizire."

"Wathiramo chiyani?"

"Poizoni. Ndathira wokwanira, musadandaule."

Ciriaco anadya. Supuni inkagogoda m'mbale, ndipo pamaso pa mlongo wake sanavutike kuibisa. Felisa anakhala pampando wa malemu mlamu wake osavula chikhoti.

"Ine ndakalambira pakati pa mfuti ndi chitini," anatero. "Pa ukwati wanga munakangana za nambala. Pa maliro a amayi munapita kuseri kwa tchalitchi kukakangana za nambala, wansembe akudikira onyamula bokosi. Mpatseni munthuyo chinthucho."

"Anakukwatira chifukwa cha mfuti imeneyi, ukudziwa?"

"Ndikudziwa, mumandikumbutsa Khirisimasi iliyonse. Wayenda ulendo wautali, wosauka, ana atatu ndi zidzukulu, mfuti osaipeza. Mpatseni, mwina angandisiye ndipume."

Ciriaco anapukuta mbale ndi buledi.

"Ukamuuze chinthu chimodzi. Ndisanasayine pepala lililonse, kabokosiko kalowe m'mfutimo. Ndi dzanja langa. Ndimve kulira kwake."

"Basi?"

"Basi."

"Zaka zonsezi mumafuna zimenezi? Mukanakumana masana amodzi, wina n'kubweretsa ichi, wina icho."

"Kuti aigwire? Ali ndi zala zomata, mwamuna wakoyo. Akanaigwira sakanaisiya."

"Nayenso amatero za inu."

"Wabodza amadziwa kusinjirira."

Felisa anabwera ndi yankho mawa lake: akuti bwerani nayo, mudzakambirana. Ciriaco ankamudziwa mlamu wake. Pakamwa pa Venancio, kukambirana kunkatanthauza kuti inu mulankhule mpaka mutope.

Anapangana kuti akumane kwa Venancio m'mawa, akatha apite limodzi ku ofesi ya zida. Ciriaco anayenda wapansi, mfuti ili m'kachikwama kokhoma, mvula ikumunyowetsa mapewa. Aliyense amene anakumana naye panjira anamupatsa moni mwaulemu wapamaliro, maso ali pachikwama.

Venancio anatsegula chitseko atavala tayi.

"Mukukwatiranso, alamu?" anafunsa Ciriaco.

"Ndi tsiku lalikulu kwa banja lonse, alamu. Lowani, samalani sitepe, mungagwe nayo."

Chipinda chimene kale munkagona ana chinali chitadzaza makabati agalasi. Munali mfuti zamitundumitundu: ma Astra aataliatali aja ooneka ngati ndudu, ma Star, Mauser imodzi imene Venancio ankati inali ya kaputeni wina, ngakhale kaputeniyo ankasintha dzina malinga ndi mlendo. M'kabati yapakati, pansalu yofiira, panali kabokosi kaja. Pambali pake panali malo opanda kanthu, oyezedwa bwino, ngati manda okumbiratu. Nsalu ya pamenepo inali itasuluka ndi dzuwa. Munthuyo anakonza malowo kalekale, mwina Ciriaco akadali ndi tsitsi.

Venancio anayala nsalu yobiriwira patebulo, n'kuvala magolovesi oyera, n'kutulutsa kabokosi ngati wansembe akutulutsa mkate wopatulika. Ciriaco anatsegula kachikwama, n'kugoneka mfuti pansaluyo. Anaweramira onse awiri, akusinthana galasi lokulitsira zinthu. AN apa, AN apo. Nambala apa, nambala yomweyo apo, yodindidwa ndi dzanja limodzi, ndipo nambala yomaliza inapendekera mbali imodzi ponse pawiri. Venancio anamina, n'kunena kuti m'chipindamo muli fumbi.

"Ndipatseni," anatero Ciriaco.

"Alamu, tiyeni tilankhule ngati anthu odziwa zinthu."

"Yayamba."

"Kameneka kanalowamo komaliza agogo anu ali moyo. Taonani m'mbali mwakemu. Mulibe kachipsera ngakhale kamodzi. Mafuta a nkhumba a amayi anga ndiwo anachita zimenezi, ngakhale simunathokozepo. Ndiye chitsulo chikakhula chitsulo chimatani? Inu nomwe munamutukwana Sabino pamaso pa anthu chifukwa chokoka mfuti yake ndi manja osavala. Munamutcha wogulitsa nyama."

"Ndi wogulitsa nyama."

"Munatanthauza zina. Zisiyeni zikhale pafupi, zizionana. Palibe chifukwa choti zikhudzane."

"Ngati inu ndi Felisa."

"Ndamva zimenezo," anatero Felisa ali kukhitchini.

Chimene chinamuwawa Ciriaco n'chakuti mlamu wakeyo ankanena zoona. Akanakhala kuti zonse ziwiri zagwera kwa iye, pa maliro aja anawayembekeza nthawi yaitali, mwina nayenso akanaziika pambali ndi pambali n'kumati mawa, mawa, mpaka kufa. Munthu wosunga mfuti zakale amaopa chipsera kuposa chipolopolo. Anayang'ana kabokosiko, kakuda kosalala ngati madzi a m'chitsime, ndipo mtima wake wa wosonkhanitsa unamuuza kuti akasiye. Koma mwezi unali kutha, ndipo mtima umenewo unali utalephera mayeso pamodzi ndi manja.

"Chabwino," anatero. "Ndingokagwira kokha."

Venancio anamuyang'ana ngati munthu wopemphedwa kubwereketsa mkazi. Anamupatsa magolovesi. Ciriaco analimbana nawo, zala ziwiri zikulowa malo amodzi, chala chachikulu chikusowa khomo. Venancio ankaonerera mosathandiza, akumwetulira pang'ono.

"Mwaona nokha, alamu. Si ine, ndi thupi."

Felisa anaima pakhomo akupukuta manja pa epuloni.

"Mpatseni, inu. Ndi ka agogo ake. Ndi agogo anganso, ngati mwaiwala chimene munandikwatirira."

Venancio anakapereka, manja ake ali pansi pa manja a Ciriaco ngati wolandira mwana wakhanda. Kanali kopepuka, kopanda chipolopolo, kozizira. Ciriaco anakatembenuza, kukayang'ana pansi, kukayang'ana pamwamba. Kenako dzanja lake lina linatola mfuti patebulo.

"Alamu," anatero Venancio.

Dzanja lamanzere linkavina kwake, lamanja kwake. Kabokosi kanafika pakamwa pa chigwiriro, kanaphonya, kanagunda m'mphepete, kanalowa mopendekera. Panamveka kweee, kaphokoso kochepa kamene Venancio anakamva m'mano. Ciriaco anakawongola n'kukankha ndi chikhatho.

Kha.

Kunali kulira kwakung'ono, kouma, kosasiya mchira, ngati chitseko cha kabati yopangidwa ndi munthu wosathamanga. Nyama yonse yamafuta imene anakana, ndudu zonse, mapiri onse amene anakwera ndi bondo lotupa, zinali za kaphokoso koti munthu atatsokomola akanakaphonya. Koma kanalira bwino. Palibe amene akanalandira khofi patsaya tsiku limenelo. Ciriaco anagwedeza mfutiyo pafupi ndi khutu, ngakhale manja ankaigwedeza kale okha, ndipo mkati simunasokosere kanthu.

Venancio anailanda. Nkhope yake inali itayera ngati magolovesi ake. Anakankha kachitsulo ka pansi pa chigwiriro, n'kusolola kabokosi pang'onopang'ono, akupemphera ndi milomo yokha. Katatuluka anakatembenuzira kuwindo. M'mbali mwake munali mzere woyera, wowala, kuchokera pamwamba mpaka pafupi ndi pansi, wokhota pang'ono pakati pamene dzanja linasintha maganizo.

"Mwachita dala."

"Ine? Adokotala ali ndi pepala lonena kuti manja awa sindiwalamulira. Si inu munaimba nyimbo m'bafa chifukwa cha pepala lomwelo?"

Kaya anali manja, kaya unali mtima, Ciriaco mwini wake sanafune kufufuza. Pa msinkhu umenewo munthu sayenera kudziwa zonse za iye mwini.

"Amayi anga anakasunga kameneka asilikali ali pakhomo," anatero Venancio. "Ine ndakasunga moyo wanga wonse. Inu mwakagwira nthawi yosakwana kumeza malovu."

"Ndi mzere chabe," anatero Felisa.

Amuna awiriwo anatembenuka limodzi n'kumuyang'ana, ndipo kanali koyamba chikwatirireni kuti agwirizane pa kanthu. Felisa anabwerera kukhitchini.

Ciriaco anakoka kachikwama kake n'kukatsegula.

"Ngati zawonongeka, alamu, musadzivutitse. Sungani chitini chanucho. Mfutiyi ndipita nayo akaiboole, akaiwotcherere, ndikaipachike pakhoma. Itziar wapeza kale msomali."

Venancio anayang'ana mfuti. Anayang'ana malo opanda kanthu aja pansalu yofiira. Anayang'ananso mzere uja, ndipo unali udakalipo. Kabokosi kameneka kanali kakhala m'kabati yapakati zaka zonse, kakuonetsedwa kwa mlendo aliyense ngati chinthu chosakhudzidwa, ndipo tsopano ngakhale wakhungu akanaona kuti kakhudzidwa. Kupaka utoto watsopano kunali kosatheka, anzake a ku txoko amanunkhiza utoto watsopano ali kutsidya kwa mtsinje. Panali malo amodzi okha padziko lonse pamene mzerewo sukanaoneka.

Anatenga mfuti, anatenga kabokosi, n'kukalowetsa yekha, mowongoka, mosamala, ndi magolovesi ake oyera.

Kha.

Kachiwiri kameneka Ciriaco anakamva kaulere.

"Valani chipewa," anatero Venancio. "Ofesi amatseka masana."

Ku ofesi ya zida Ciriaco anasayina, dzina lake likukwera ndi kutsika ngati msewu wa kumapiri. Wapolisi waulemu uja anati n'zosangalatsa kuona katundu wa makolo akukhala m'banja, ndipo anafunsa ngati awiriwo ndi ogwirizana chomwechi nthawi zonse. Ciriaco anangomubwezera cholembera chake.

Mfuti ya Ansola ili m'kabati yapakati mpaka lero, kabokosi kali mkati, mmene nkhalamba ija inaisiyira. Malo amene panali kabokosi ndiwo ali opanda kanthu tsopano. Osonkhanitsa amabwera kuchokera ku Bilbao, ena kuchokera kutsidya kwa malire, kudzaona Ruby yosaombapo yokhala ndi kabokosi kakekake. Venancio amawaonetsa zilembo za pansi kudzera pagalasi. Wina akapempha kuti akasolole aone m'mbali, amati sipuling'i ndi yokalamba, siyenera kuvutitsidwa.

Alendo otere akabwera amawatengera ku txoko kukadya, ndipo Ciriaco saphonya. Amakhala kumapeto kwa tebulo, manja onse awiri ali poyera, supuni ikugogoda mmene ikufunira. Amadikira mpaka nsomba itafika, Venancio ali pakati pa nkhani ya mafuta a nkhumba.

"Alamu, mwawaonetsa alendowa kabokosi kaja? Asabwerere osakaona. M'mbali mwake ndimo muli luso lonse la banja lathu."

"Sipuling'i, alamu."

"Inde, sipuling'i. Ndimaiwala."

Venancio amaseka pamodzi ndi alendo, kenako amasolola ndudu m'thumba la jekete, yaikulu kuposa zakale zija, n'kuikankhira kumapeto kwa tebulo.

"Tengani, alamu. Palibenso chimene mukudzisungira."

Ciriaco amainunkhiza, n'kuibweza. M'mawa mwake amadzuka, kumanga bondo ndi nsalu, n'kuyamba kukwera phiri, akuponda mosamala poterera.